Kutalikitsa chasisi ya lole pakhomo: mchira, kudula pakati, kusuntha difu, kapena kungoisiya?

Msika wa fodya ukamayandikira pa Chinkhoma, pagalaja panga pano pa Kasungu pamabwera anthu a nkhani imodzimodzi. "Madala, ka Canter kangaka kakuchepa, tatalikitseniko." Kale ankabwera mmodzi kapena awiri pachaka, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, zoitanitsa lole ina ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ambiri anaziiwala, nde aliyense akufuna yomwe ali nayoyo ikule. Ine sindikana ntchito, ndi imene imandidyetsa. Koma ndisanagwire girayinda ndimayamba ndafunsa kuti achimwene, mukufuna muzinyamula chani?

Funso limeneli ena limawakwiyitsa koma nkhani yonse yagona pomwepo. Kutalikitsa chasisi kumakupatsani malo basi, matani ayi. Lole ya matani awiri ndi matumba 40 a makilo 50, ndipo matumba 40 a chimanga kapena soya amakwana bwinobwino pabodi yomwe inabwera nayo. Nde ngati katundu wanu ndi chimanga, soya, feteleza kapena simenti, malo oonjezerawo mudzaikapo chani? Tisanamizane, mudzaikapo matumba ena 20, pamatayala omwewo, mabuleki omwewo, difu (ekiselo ya matayala akumbuyo) yomweyo. Amene ndimawamvetsa ndi onyamula zinthu zodya malo koma zopepukirako, monga mtedza wosasenda wa ku Mkanda ndi Kapiri, malata, matabwa a mafiti 18 aja ochokera ku Chikangawa, nsungwi, matiresi. Mabelo a fodya ali pakatikati, belo limodzi limazungulira makilo 100, nde mabelo 20 mwafika kale pamulingo ngakhale maso akuuzani kuti malo alipo.

Tisanafike pa njirazo, tamverani kaye mmene chitsulochi chimagwirira ntchito chifukwa mukamva apa zinazo muzitha kuweruza nokha. Chasisi ndi mitanda iwiri yoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, uliwonse wopindidwa ngati chilembo C, uli ndi khoma loimirira ndi milomo iwiri, wam'mwamba ndi wapansi. Tengani nzimbe muipinde pabondo, imayamba kung'ambika kunja kwa kupindako, mkati imangofinyika, pakati penipeni sipamva kanthu. Chasisi ndi chimodzimodzi. Mukapakira katundu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, mlomo wapansi ndi umene ukukokedwa. Katundu akakhala kumchira, kuseri kwa difu, umakokedwa ndi wam'mwamba. Ndiye chifukwa chake opanga magalimoto amaletsa kuboola kapena kuwotcherera pamilomo, mabowo a kufakitale mukawayang'ana ambiri ali pakhoma. Chinanso, chasisi anaipanga kuti izipotokako. Taonani lole ikamawoloka kangalande mopingasa panjira ya ku Chamama, kebini ikupendekera uku bodi uko, si kuti yaonongeka, ndi mmene iyenera kukhalira. Mukaumitsa malo amodzi ndi chitsulo chokhuthala kwambiri, kupotoka konse kumakasonkhana pomwe chathera chitsulo chanucho, ndipo mng'alu umayambira pamenepo.

Njira yomwe ambiri amathamangira ndi yoonjezera mchira. Simukhudza difu, simukhudza propshaft (chitsulo chozungulira chochoka ku giyabokosi kupita ku difu), mapaipi a buleki ali pomwepo, mungolumikiza zidutswa ziwiri kumapeto, kuonjezera cross member imodzi (chitsulo chopingasa cholumikiza mitanda iwiri ija), kukoka mawaya a malaiti akumbuyo, basi tsiku limodzi kapena awiri mwamaliza. Ndi yotchipa kuposa zonse ndipo ngati mukuonjezera pang'ono, tinene masentimita 30 kapena 40 kuti malata asamalendewere, ine ndilibe nayo vuto. Vuto limabwera ndi dyera. Mlamu wanga anapita ndi Dyna yake kwa wowotcherera wina wake amene ntchito yake yeniyeni ndi mageti ndi mafelemu a mawindo, anamuonjezera mita yathunthu kumchira, kudula mowongoka, kugundanitsa, kuwotcha, kupaka penti yakuda. Kunja kokongola ndithu. Ulendo wachitatu akuchokera ku Kamwendo ndi soya, anandiimbira kuti chiwongolero chikupepuka ngati galimoto ikuyandama, pamtunda matayala akutsogolo akuchita ngati anyamuke. Nanga katundu yense ali kuseri kwa difu, difuyo yasanduka pokhalira katungwe. Atafika tinachotsa bodi ndikupeza mlomo wam'mwamba wang'aluka mbali zonse ziwiri, osati pomwe anawotcha paja ayi, koma chakutsogolo pamwamba pa hanger, chitsulo chogwira sipuling'i ku chasisi, pomwe mphamvu yonse ya mchira wautaliwo imakathera. Muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: yezani kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mchira kuchokera pa difu usapitirire 60 pa 100 ya muyeso umenewo. Malole ambiri a ku Japan amabwera atayandikira kale pamenepo, nde mpata otsala ndi wochepa kuposa mmene mukuganizira.

Njira yachiwiri ndi yodula pakati ndi kulowetsapo chidutswa. Iyi nde ntchito yeniyeni, ndipo ikachitika bwino lole imakhazikika pamsewu chifukwa katundu amagawanika pamatayala onse. Koma ikalakwika nde imapha, nanga mukudula pamene pamapindika kwambiri. Ndikambapo motalikirako.

Choyamba ndi chitsulo cholowetsacho. Chabwino ndi chidutswa cha chasisi ya galimoto ya mtundu womwewo, kukhuthala kofanana, kutalika kwa khoma kofanana. Pa malole ang'onoang'ono ngati Canter, Elf, Dyna ndi Dutro chimakhala cha mamilimita 5 kapena 6, pa akuluko ngati Fighter, Forward ndi Ranger chimakhuthalirapo. Chitsulo cha channel cha muhadiweya chomangira mashedi si cha gulu limeneli, ndi chofewa, ndipo milomo yake siyifanana ndi ya chasisi. Kenako malo odula, akhale patali ndi ma hanger a sipuling'i, patali ndi pomwe pakhala giyabokosi, osati pa cross member. Musanadule ikani lole pamalo osalala, pa simenti ngati mungathe, mutchinjirize ndi zitsulo mbali zonse, zitsa za mitengo zimatitimira m'dothi ntchito ili mkati. Khomani timadontho ndi punch pamitanda yonse iwiri kutsogolo ndi kumbuyo kwa podulapo, muyeze mopingasa ngati mmene amisiri omanga amayezera faundeshoni, mulembe manambalawo pakhoma. Mukadzalumikiza, miyeso iwiri yopingasayo ifanane. Ikasiyana ngakhale ndi theka la sentimita lole izidzayenda chankhanu, matayala akumbuyo kumatha mbali imodzi, ndipo tayala masiku ano mukudziwa nokha mtengo wake.

Kadulidwe kasakhale kowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dulani mopendeketsa, madigiri 45, kuti msoko utalike ndipo pomwe wadutsa mlomo wam'mwamba pasayang'anizane ndi pomwe wadutsa wapansi. M'mphepete monse mwa podulapo musongole ndi girayinda pakhale V kuti moto ulowe mpaka mkati, muwotche mbali imodzi, mupale kuseri kwake mpaka chitsulo choyera, muwotchenso. Ndodo zowotcherera zake ndi za nambala 7018, osati 6013 zomwe timapangira mageti zija. Apa nde pamene magalaja ambiri apakhomo amagwera, chifukwa 7018 imafuna makina a mphamvu yokhazikika, ya mamilimita 3.2 imadya ma amp oposa 100, nde timakina tokulunga tokha tija tamawaya m'bokosi lathabwa, kuonjezera magetsi ofooka a madzulo, ndodo imangomata osasungunuka bwino. Pamwamba pamaoneka ngati pagwira koma mkati muli mphako. Komanso 7018 imamwa chinyezi, paketi yomwe yakhala yotsekula dzinja lonse musaikhulupirire pa chasisi. Mukamaliza musathire madzi kuti pazizire msanga, pasiyeni pazizire pokha, mukamwe tiyi.

Ndipo kuwotchako pakokha sikokwanira. Mkati mwa C mumalowetsa chitsulo china chopindidwa chimodzimodzi chovala bwinobwino, chopitirira msoko mbali zonse ndi utali osachepera kawiri kutalika kwa khomalo, ine ndimapanga theka la mita uku theka la mita uko. Mapeto ake muwasongole kapena muwadule ngati kamwa ya nsomba kuti kuuma kuzitha pang'onopang'ono, ndipo muchimange ndi mabawuti pakhoma, osati kuchiwotcha mozungulira. Mabawuti ake yang'anani pamutu, palembedwe 10.9, mukasowa bola 8.8, opanda nambala aja asiyireni a ngolo. Mabowo aboolereni ndi dirilo, atalikirane masentimita 5 kapena kuposa, asayandikire popindikira mlomo. Zoboola ndi moto wa ndodo kapena gasi zija, ndikudziwa zimafulumira magetsi akamavuta, koma bowo lake limakhala lamanomano ndipo dzino lililonse ndi poyambira mng'alu.

Mukaganiza kuti mwamaliza nde pamene ndalama zikuyamba kutuluka. Propshaft yafupika. Iyi si yowotcha pansi pamtengo wa mango, imafuna lathe kuti ikhale yowongoka ndi kuibalansa, apo bii liwiro likafika 60 galimoto yonse imanjenjemera, kenako imadya ma cross (mfundo za propshaft) ndi oil seal ya giyabokosi, tsiku lina kuthothoka pamsewu. Ikatalika kwambiri iyenera kukhala ya zidutswa ziwiri ndi centre bearing pakati, nde cross member inanso yogwira bearing imeneyo. Ine propshaft ndimaikweza basi kupita nayo ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 pa M1, ndipo sindichita nazo manyazi. Mapaipi a buleki muike atsopano athunthu, osalumikiza ndi kuwotcha. Kebulo ya handibuleki, mawaya, ekizozi, zonse zikufuna kutalika. Mukawonkhetsa mupeza kuti zapita kangapo kuposa za mchira zija. Dziwaninso kuti lole yotalika pakati imafuna bwalo lalikulu pokhota, ndipo mimba yake imakhudza pansi pa zitunda, nde ngati ntchito yanu ndi yolowa m'midzi kukatenga mabelo pazigafa, tinjira tina tomwe munkalowa muzingotiyang'ana.

Pali njira yachitatu yomwe anthu saiganizira kwenikweni koma pa galaja yapakhomo ine ndi imene ndimaikonda, kusuntha difu. Mumadula ma rivet a ma hanger, kukankhira difu ndi masipuling'i ake kumbuyo pamchira womwe ulipo kale, kuboola mabowo atsopano pakhoma, kumanga ndi mabawuti a 10.9 okwana bwino m'bowo osagwedera, kenako nkuonjezera mchira kumapeto. Ubwino wake ndi woti pakati pomwe pamanyamula katundu wambiri pamakhala chitsulo chathunthu cha kufakitale, msoko wanu uli kumapeto komwe kulibe ntchito yambiri, ndiye olo kuwotcha kwanu kukhale kwa apo ndi apo simunaike moyo wa munthu pamenepo. Za propshaft ndi mapaipi a buleki sizithawika, ndi zomwezija. Ndipo siitheka pa lole iliyonse. Gwadani muyang'ane, ngati mitanda ikuwonda kapena kukwera m'mwamba ikangodutsa difu, ma hanger alibe pokhala pabwino. Imafuna chasisi yowongoka yofanana mpaka kumapeto, ndipo cross member iyenera kusamuka nawo kuti ikhale pomwe pali ma hanger. Dirilo yakenso ikhale yamphamvu, chitsulo cha chasisi ndi chouma, timadirilo ta matabwa mudzangopsereza ma bit.

Ena amati bwanji osangogula chasisi yaitali ya lole yomwe inachita ngozi kapena inafa injini nkusamutsira zonse pamenepo. Kumbali ya chitsulo nzoona, palibe msoko, palibe chodula, mabowo onse ndi a kufakitale. Koma chasisi ya ngozi imatha kukhala yopotoka mosaoneka ndi maso, nde muyeze mopingasa musanapereke ndalama. Chachikulu ndi nambala. Nambala ya chasisi inadindidwa pamtanda pomwepo, ndipo ndi imene ili mu blue book ndi mukompyuta ya a Road Traffic. Mukasintha chasisi, pamapepala mwasintha galimoto. Tsiku lokapangitsa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kapena pa roadblock wapolisi akagwada nkuwerenga nambala yosiyana, mudzafotokoza mpaka malovu kuuma, ndipo ngati munagula kwa munthu opanda mapepala mungapezeke mukuyankha mlandu wa galimoto yobedwa. Njira imeneyi yambirani ku ofesi, osati ku sikirapu. Kunena zoona olo njira zinazi, pitani mukafunse kaye a Road Traffic musanadule kuti akufuna muwabweretsere chani, muwauzenso a inshuwalansi, ndipo podula kapena povala chitsulo musakwirire nambala ija.

Nanga zovala chasisi ina mkati, zomwe timati double chassis? Izi sizitalikitsa, zimalimbitsa, ndipo pa lole yomwe yayamba kuwerama kapena ya tipa zimathandiza. Koma chitsulo chimenecho chili ndi kulemera kwake komwe kumadya matani anu omwe aja, ndipo pakati pa zitsulo ziwirizo pamalowa madzi ndi fumbi la feteleza, dzimbiri nkumatupa mkati mpaka kukankha milomo. Pakani penti ya red oxide mbali zonse musanavale. Zimayenda limodzi ndi zoonjezera masipuling'i, zomwe pafupifupi lole iliyonse ya kuno inachitidwa. Tsamba limodzi kapena awiri, chabwino. Koma ndaonapo mpukutu wa masipuling'i wotalika ngati mulu wa mbale, lole osatitimiranso olo pang'ono, ndiye bampu iliyonse ya msewu wafumbi imapita yonse ku chasisi ndi ma bearing. Komanso malole ambiri a ku Japan ali ndi kavalavu kumbuyo komwe kamaona mmene bodi yatitimirira nkuonjezera mphamvu ya buleki yakumbuyo, nde mukaumitsa masipuling'i kamaganiza kuti lole ilibe katundu pomwe mwapakira mpaka m'mwamba. Kachitsulo kolembedwa GVM kaja, kosonyeza kulemera kololedwa kwa lole pamodzi ndi katundu wake, sikasintha chifukwa choti mwaonjezera masipuling'i, ndipo amene mumadutsa pa sikelo ya ku Mchinji popita ku Chipata mukudziwa kuti kumeneko amayeza kulemera pa ekiselo, za kukongola kwa bodi alibe nazo ntchito.

Pali malole ena oti pakhomo musawayandikire ndi moto nkomwe. Mathiraki akuluakulu a ku America aja, Freightliner ndi International, ambiri chasisi yake ndi yochita kuumitsa ndi moto kufakitale, ndipo pamtanda amamatapo chenjezo loletsa kuwotcha ndi kuboola milomo. Mukawotcha, chitsulo cha m'mbali mwa msoko chimataya kulimba kwake ndipo simungakubwezeretse pagalaja. Amenewo, ndi chilichonse chokoka ngolo ya matani 30, apite kwa opanga mabodi ku Kanengo amene ali ndi zida zake. Safunsa anadya phula.

Zing'onozing'ono zomwe zimaliza anthu pa njira iliyonse ya moto: chotsani mawaya onse a batire, ndipo ngati ndi lole yatsopanoko ya kompyuta, zulaninso mapulagi a kompyutayo. Waya wa earth wa makina owotcherera mumange pafupi ndi pomwe mukuwotcha kuti magetsi asadutse m'ma bearing. Thanki ya dizilo ichoke. Masipuling'i muwafunditse chiguduli chonyowa kapena lata, kadontho kamodzi ka moto pa tsamba la sipuling'i ndi pomwe lidzathyokere. Ndipo pobwezera bodi musaiwotcherere ku chasisi chonde, imangidwe ndi ma U-bolt, thabwa lolimba pakati pa bodi ndi mtanda, ndi kachipika mkati mwa C kuti pomanga milomo isaphwanyike.

Nde mukandifunsa kuti nditani, ndimayankha motengera munthu. Wa chimanga ndi soya ndimamubweza, ndimamuuza kuti ndalama imeneyo agulire matayala ndi ma lining a buleki ayende maulendo awiri, kapena agulitse aonjezere agule ya matani anayi, ena amakwiya nkupita kwa wa mageti uja, kaya. Wa malata ndi matabwa amene akusowa pang'ono, mchira wa masentimita 30 mpaka 40 omanga ndi chitsulo chamkati ndi mabawuti. Amene akufunadi mita yathunthu, timayang'ana kaye ngati difu ingasunthe. Kudula pakati ndimakusiyira kumapeto, ndipo ndimavomera pokhapokha chidutswa cha chasisi yofanana chapezeka, ndodo ndi zatsopano, ndipo jenereta yaikulu ndabwereka, chifukwa msoko osiyira pakati magetsi atathima ine ayi.

Ya mlamu wanga ija tinaidula mchira uja kutsala masentimita 35. Ming'alu tinaiboola kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti isapitirire, kupala V, kuwotcha ndi 7018, kusalaza, nkuvala chitsulo chamkati chodutsa ma hanger onse awiri. Atayenda maulendo atatu ndinamuitana tikamangenso mabawuti onse, angapo anali atamasukako ndithu. Pano akamabwera kudzathira oyilo ndimalowa pansi ndi tochi kuyang'ana m'mbali mwa mabowo ndi pamilomo, chomwe ndimasaka ndi kamzere kofiira ka dzimbiri kowonda ngati ulusi, kapena fumbi lofiira lotuluka pansi pa mutu wa bawuti. Mwezi watha ndinapeza bawuti imodzi yotero kumanzere, tinasintha ndi ya 10.9 yatsopano, nati yake yokhala ndi loko.